Musanasaine pangano la intaneti ya m'nyumba kuno ku Lusaka

Mphwanga wangofika kumene kuchokera kwathu ku Malawi kudzera pa chipata cha Mwami, ndipo wandifunsa ngati asaine pangano la intaneti ya waya wa fiber la miyezi 24 poti amuuza kuti akamulumikizira mwaulere. Ndamuuza kuti adikire kaye. Ambirife timabwera ndi chilolezo cha ntchito chokhala ndi malire, komanso timasamukasamuka nyumba, ndipo ngongole za intaneti zimabadwira pa zinthu ziwirizi.

Choyamba, dziwani chifukwa chake amakulipiritsani mukachoka msanga. Kampani imakoka waya, kukhoma kabokosi kofikira wayayo kotchedwa ONT, kukupatsani rauta, n'kumayembekezera kubweza ndalama zake pang'onopang'ono mpaka panganolo litatha. Mukasiyira panjira, imazifuna nthawi imodzi. Kawerengedwe kake kamasiyana: ena amafuna ndalama za miyezi yonse yotsala, ena gawo lake, ena amabwezeretsanso mtengo wolumikizira uja ndi zomwe anakuchotserani poyamba. Tiyerekeze kuti mukulipira K800 pamwezi ndipo mwasiya patatha miyezi 9. Yatsala 15, ndiye kuti K12,000 ngati amawerengera njira yoyambayo. Ndi kwacha ya kuno imeneyo, osati yakwathu. Auzeni a kampaniyo akuonetseni ndime yonena zimenezi papepala, muijambule ndi foni. Za pakamwa za wotsatsa malonda sizikuthandizani tsiku la mlandu.

Chachiwiri ndi kusamuka. Waya ukhoza kukhala utafika mumsewu wanu ku Chilenje kapena ku Kabwata, koma nyumba yomwe mwapeza ku Chalala kapena ku Chelstone ayi. Funsani musanasaine: ndikasamukira komwe mulibe waya wanu, ndilipira chindapusa? Nanga kusamutsa n'zingati, ndipo kodi miyezi imayambanso kuwerengedwa? Funso lomalizali ambiri amaliiwala. Yerekezeraninso ndi pangano lanu la lendi. Ngati eni nyumba akupatsani chaka chimodzi, musadzimange zaka 2.

China chomwe chimandipweteka mtima ndi chizolowezi cholembetsera anzathu m'dzina lathu chifukwa iwo mapepala awo sanakonzeke. Mnzanuyo akabwerera ku Lilongwe, kalata ya ngongole imabwera kwa inu, poti pasipoti yomwe ili m'failo ndi yanu. Tadana anthu a mudzi umodzi chifukwa cha zimenezi. Ngati mukufuna kumusiyira mnzanu, kasinthitseni dzina ku ofesi nonse awiri.

Tsono kachokedwe kake. Kuzimitsa rauta kapena kuletsa DDACC ku banki (chilolezo choti ndalama za bilu zizichotsedwa zokha mu akaunti yanu) sikuthetsa pangano. Bilu imangopitirira, ndipo dzina lanu likhoza kukafika kwa osunga mbiri ya ngongole. Lembani kalata kapena imelo yothetsa panganolo, mutsatire masiku a notisi omwe alembedwamo, nthawi zambiri 30, ndipo mulandire nambala yotsimikizira kuti alandira. Ngati zipangizo ndi za kampani, bwezani zonse, ONT, rauta ndi ma adaputala ake, akupatseni risiti. Kenako pemphani bilu yomaliza yosonyeza kuti simukutsala ndi kanthu. DDACC muiletse pomaliza.

Kuzima kwa magetsi a ZESCO musakudalire ngati chifukwa chothetsera pangano mwaulere. Koma intaneti yeniyeniyo ikamafa magetsi alipo, muzinena nthawi iliyonse n'kusunga tsiku ndi nambala ya dandaulo. Akalephera kukonza kapena akakulipiritsani zomwe mulibe m'pangano, umboni umenewo mupite nawo ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, kapena ku CCPC komwe amaona za ufulu wa ogula. Muyambe mwadandaula ku kampaniyo.

Kwa amene sanakhazikike, gulani rauta ya 4G ya MTN, Airtel kapena Zamtel, muziikamo bandulo ya pamwezi. Muiyese kaye m'nyumbamo madzulo, nthawi yomwe netiweki imadzaza.