Liwu loti derogation: kukhoti ndi pakati pa anthu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake liwu loti derogation limamveka mwina m'buku la zamalamulo, mwinanso kwa akatswiri a za maganizo a anthu. Matanthauzo ake ndi awiridi.

Kumalamulo, ndi pamene boma liimika kaye maufulu ena chifukwa dziko lili pangozi, monga nkhondo. Gawo 45 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limalola zimenezi, ndipo pangano la United Nations la 1966 lokhudza maufulu a anthu limazilolanso m'gawo 4. Komatu pali malire. Ufulu wokhala ndi moyo sungaimikidwe. Kuzunza munthu ndi ukapolo nzoletsedwa ndithu, zivute zitani. Malire amenewa ine ndimawaona ofunika kwambiri ndikakumbukira za pa 3 Malichi 1959, pamene Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti Nyasaland ili pangozi. Dr. Banda anagwidwa m'mamawa, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza konkuno ku Limbe popanda kuzengedwa mlandu.

Tanthauzo linalo ndi kunyoza kapena kupeputsa munthu, kawirikawiri wa gulu lina kapena amene wagweredwa tsoka. Melvin Lerner, katswiri wa za maganizo a anthu, anafufuza izi m'zaka za m'ma 1960: anthu timafuna kukhulupirira kuti dziko nlachilungamo, ndiye timamuda wovutikayo kuti mtima ukhale pansi.

Ndinaziona ndekha pa siteji ya minibasi ku Limbe. Mayi wina atamulanda chikwama, akulira chitenje chili m'manja, anthu anangoti, "Nayenso ankanyamuliranji ndalama zonsezo?" Za wakubayo palibe anatchulako.