Puloti ya ku Blantyre: yankho kwa bambo a ku Nchalo

Bambo ena amene agwira ntchito zaka zambiri m'minda ya nzimbe ku Nchalo anditumizira imelo sabata yatha. Akuti apuma pa ntchito posachedwapa, ndipo akufuna kuti ndalama zawo zopumira agulire puloti ku Blantyre n'kumangapo nyumba za lendi, koma mitengo imene akuuzidwa ikusiyana kwambiri ngakhale malowo ndi ofanana kukula. Akufunsa kuti mtengo weniweni ndi uti.

Bambo, mtengo umodzi kulibe, chifukwa dera lililonse la mzindawu lili ndi anthu akeake ofuna nyumba, ndipo thumba la anthuwo ndi limene limakhazikitsa mtengo wa malo. Ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe mapuloti ndi aakulu, zikalata za umwini zilipo, ndipo ochita lendi kawirikawiri ndi makampani ndi mabungwe. Kumeneko ndalama zopumira sizingafike, choncho tisatayepo nthawi.

Ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa ndi Kanjedza, kumene nyumba zambiri zinamangidwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964, nkhani ndi ina. Madera ngati Chitawira ndi Naperi ali pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth komanso sukulu za ukachenjede za MUBAS ndi KUHeS, kotero anamwino ndi ophunzira amalimbirana ngakhale kanyumba ka kuseri, ndipo mwini nyumba akanena kuti akufuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, wolipira amapezeka. Vuto ndi lakuti malo opanda nyumba kumeneko anatha kalekale.

Ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe anthu amamanga zipinda za mdadada, chimbudzi chimodzi mabanja angapo, madzi n'kukagula pa kiyosiki. Chipinda sichikhalitsa chopanda munthu, popeza wa ku Ndirande amatha kuyenda wapansi kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata, koma ambiri amadalira maganyu ndi geni, ndipo lendi imabwera modukizadukiza kwa mwini nyumba amene akukhala kutali ngati inu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malo otsika mtengo a m'mphepete mwa mapiri. Ife a kuchigwa kuno tikamasankha pomanga timayamba tafunsa pamene madzi a Shire kapena Mwanza anafika chaka cha chigumula. Ku Blantyre kwezani maso muone chimene chili kumtunda kwanu, chifukwa mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi kupha anthu ambiri.

Kwatsala m'mphepete ndi kunja kwa mzinda: Mpemba, Chileka, Lunzu ndi Chigumula. Malo kumeneko ndi otsikirapo mtengo, koma wochita lendi amawerengera pamodzi ndalama ya nyumba ndi ya minibasi, kotero puloti imene ili kutali ndi msewu wa phula, yofunika kukweranso kabaza, imabweza ndalama mochedwa. Funsaninso za madzi, pakuti Blantyre Water Board imapopa madzi ambiri kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kukwera nawo mtunda wautali, ndipo mipopi ikayamba kuuma, okhala pamalo okwera ndi amene amavutika msanga.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana ku Mpemba, chifukwa ndi m'njira yathu yomweyi, ndipo mukakwera mapiri kuchokera pa Thabwa mungathe kukaona amisiri anu n'kubwerera ku Nchalo tsiku lomwelo. Koma malo ambiri kumeneko ndi a mafumu. Msuweni wanga anagula puloti kunja kwa mzinda ndi kapepala kolembedwa pamanja, ndipo tsiku limene anatsitsa njerwa anapeza munthu wina akukumba maziko pomwepo, nayenso ali ndi kapepala kake. Musanapereke ndalama kwa ejenti, kumanani ndi mwini malo pamaso pa amfumu ndi abale ake, muyende nawo malire onse, kenako mukafunse ku ofesi ya zamalo ngati malowo angalembetsedwe m'dzina lanu.