Kwa mayi a ku Luchenza ofunsa za jakisoni wa testosterone

Mayi, ndawerenga kawiri zomwe mwalemba. Mwati bambo a kunyumba, a zaka 47, chiwachotsereni ntchito ku esiteti ya tiyi sakuyankhula ndi munthu, tulo sakupeza, kuchipinda kunazizira, ndipo alamu anu obwera ku Joni akuti muwagulire jakisoni wa testosterone kuti mtima ubwerere m'malo. Ine ndine namwino kuno ku Mulanje, ndipo ndikukupemphani kuti musagule kaye.

Alamu anuwo sakunama kotheratu ayi. Testosterone ndi homoni yopangidwa m'machende, ndipo ikatsika kwambiri mwamuna amafooka, chilakolako chimathawa, nkhope imagwa. Mu 2019 akatswiri ataunika pamodzi kafukufuku 27 wokhudza amuna pafupifupi 1,900 anapeza kuti mankhwalawa amachepetsako kuvutika maganizo. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wotchedwa TRAVERSE, wa amuna oposa 5,000 omwe homoniyi inali itatsikadi, anaonetsa kuti mphamvu ndi chisangalalo zinakwera, koma pang'ono chabe, ndipo vuto la mtima kugunda mosalongosoka komanso magazi kuundana m'mapapo linachulukirako mwa omwe ankalandira mankhwalawo.

Chovuta n'chakuti kufooka, kusagona ndi kusafuna mkazi zimabweranso ndi shuga, kuchepa magazi, mowa, HIV, ngakhalenso matenda ovutika maganizo enieniwo. Ndi maso simungasiyanitse. Pamafunika kuyeza magazi mamawa munthu asanadye, kawiri pa masiku osiyana, chifukwa homoniyi imakwera m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Kubaya munthu yemwe yake ili bwinobwino ndiye kumuononga: thupi limaleka kupanga yakeyake, mbewu ya abambo imachepa mpaka kubereka kumavuta, magazi amakhuthala. Ngati mukufunabe mwana, mfundo imeneyi muigwiritse. Ndipo botolo lodutsa m'chikwama pa boda, ndani akudziwa kuti muli chiyani?

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi mawu anu akuti zonsezi zinayamba ntchito itatha. Homoni sidziwa tsiku lomwe munthu walandira kalata yomuchotsa ntchito, koma mtima umadziwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 ndinaona abambo ambiri otere, munda wapita, nyumba yapita, iwo angokhala pakhonde duu. Amuna athu anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye akabwera kuchipatala amangoti mutu kapena msana. Za kuchipinda ndiye amazibisiratu poopa kunenedwa kuti anagwa mumpapaya. Zimandipweteka chifukwa matenda ovutika maganizowa ngochizika.

Usiku uno, ana akagona, afunseni mofatsa koma mosazungulira ngati maganizo odzipha amawabwerera. Kufunsa sikuwapatsa maganizowo, musaope. Akavomera, kapena akangoti zii, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a m'munda, musawasiye okha, ndipo kukacha mupite nawo kuchipatala.

Ngakhale atakana, pitanibe sabata yomwe ino ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena kuno ku Mulanje, mukafunse woona za matenda a maganizo. Akawayeze shuga, BP ndi magazi. Uphungu umathandiza, ndipo mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka m'thupi, choncho asadzawasiye msanga. Fluoxetine nthawi zina amachepetsanso chilakolako, zikatero akawauze adokotala m'malo mongosiya mwakachetechete. Dokotala akaona kuti homoni ikukayikitsa, adzawatumiza kokayezetsa, mwina ku Blantyre, ndipo ikapezeka yotsikadi adzalandira testosterone pa mlingo woyenera, magazi ndi prostate (kachiwalo ka abambo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo) zikuyang'aniridwa.

Ngati akukana kupita ndi inu, pemphani amalume awo kapena mkulu wa mpingo yemwe amamumvera kuti awaperekeze.