Ulendo woyamba wokamvera nyimbo kunyanja: konzekerani dzuwa kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Chilomoni. Akuti iye ndi anzake awiri asonkha ndalama zoti chaka chino abwere kuno ku Mangochi ku chikondwerero cha nyimbo cha masiku atatu cha m'mbali mwa nyanja, ndipo aka n'koyamba. Akufunsa zoti atenge, ngati kuli bwino kugona m'tenti kapena kulipira chipinda, komanso ngati nyanja ndi yosambika.

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyamba ndi chimene simunafunse, chifukwa ndicho chimagwetsa alendo ambiri: dzuwa.

Zikondwerero zazikulu za kunyanja zimachitika cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe. Lake of Stars, imene Will Jameson anaiyambitsa ku Chintheche mu 2004, inachitikirapo ku Nkopola kangapo, ndipo Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda nayo yabwerapo kuno. Miyezi imeneyi ndi pachimake pa chilimwe. Inu kwanuko mumakhala pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe ife tili m'chigwa, osafika ndi mamita 500 omwe. N'chifukwa chake mukangodutsa pa Liwonde mumamva ngati wina watsegula uvuni. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 35 mosavuta, ndipo masana mchenga umawotcha mapazi.

Chimene chimachitika n'chakuti munthu amafika Lachisanu dzuwa likuswa mtengo, mtima uli dyokodyoko. Akhoma tenti padzuwa, athamangira m'madzi, atsegula botolo loyamba m'mimba muli pululu, n'kuvina mpaka mbandakucha. Loweruka adzuka mutu ukugunda. Koma oyimba akuluakulu, amene munawalipirira tikiti, kawirikawiri amakwera pansanja usiku kwambiri, nthawi zina 2 koloko itadutsa. Ine zinandichitikira ulendo wanga woyamba, ngakhale ndine wa konkuno: woyimba amene ndinamudikira chaka chonse ndinamumvera ndili chigonere m'tenti, ndikunjenjemera. Zimandiwawabe, ndipo sindifuna kuti zikuchitikireni.

Choncho masana muziwatenga ngati nthawi yopuma. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko khalani pamthunzi, mugoneko ngati tulo tabwera. Imwani madzi ludzu lisanakupezeni, malita atatu kapena kuposa patsiku, ndipo ngati mumamwa mowa, botolo lililonse litsatane ndi madzi. Muziona mkodzo wanu: ukayamba kuda ngati tiyi, thupi layamba kuuma. M'chikwama mukhale timapaketi tingapo ta Thanzi ORS. Kamodzi mumasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino. Mnzanu akasiya kutuluka thukuta, khungu n'kumatentha, akuyankhula zosagwirizana, musati waledzera chabe. Mupititseni pamthunzi, mumuthire madzi, muitane achipatala msanga.

Madziwo akhale a m'botolo lomata kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatipweteka kwambiri kuno, ndiye pa zamadzi ndi kusamba m'manja sitichita masewera. Chambo, kampango, usipa ndi chipisi mudzadya ndithu, koma sankhani chimene chikuchoka pamoto mukuona.

Tsopano za pogona. Ndalama zikalola, chipinda chokhala ndi neti n'chabwino, makamaka poti ndi ulendo woyamba. Koma zipinda za pafupi zimatha milungu ingapo chikondwerero chisanafike, mitengo n'kukwera, ndipo mukapeza cha kutali, ku boma kapena cha ku Monkey Bay, muwerengerenso za mayendedwe a usiku pa msewu wa M10. Tenti ili ndi ubwino wake: mwatopa, mwalowa, mwagona. Vuto n'lakuti ikamakwana 7 koloko m'mawa imakhala itatentha kale. Fikani msanga mupeze pansi pa mtengo, khomo liloze kunyanja kumene kumachokera kamphepo, ndipo mutalikirane ndi zokuzira mawu komanso zimbudzi. Muyeseze kuikhoma kunyumba musananyamuke. Zipi muzitseka nthawi zonse chifukwa udzudzu wa kuno ndi wa malungo. Madzulo dzolani mafuta othamangitsa udzudzu. Mukabwerera ku Blantyre n'kumva thupi kutentha patatha sabata kapena awiri, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Katundu musachulutse. Zitenje ziwiri zimagwira ntchito zambiri: mthunzi, chokhalira, chopukutira, chofunda mphepo ikawomba m'mamawa. Onjezani chipewa, patapata za masana ndi nsapato zotseka za usiku, tochi, sopo, tishu, power bank, chiphaso, mankhwala amene mumamwa kale, ndi makondomu. Palibe chamanyazi pamenepo. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma anthu akachuluka malo amodzi netiweki imavuta, ndiye tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, muzigawe malo awiri. Yobwererera kunyumba muibise payokha. Atatu inu mugwirizane malo okumana mukasowana, ndipo chakumwa chimene mwachisiya pokavina musachimwenso.

Nyanja ndi yosambika, inde, koma masana, pamalo pamene eni malo akuloleza, pali anthu ena. Usiku ayi, mutamwa ayi. Kumene kuli bango ndi udzu kupeweni, chifukwa ndiko kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo cha kumene Shire amatulukira m'nyanja kuli ng'ona ndi mvuu. Mukasamba, pakatha miyezi iwiri kapena itatu kafunseni kuchipatala za likodzo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Chinanso chimene chili pamtima panga. Kunja kwa mpanda wa chikondwerero ndi kumudzi kwa anthu. Ambiri kuno ndi Ayao, ndipo ambiri ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere pagombe. Mukamapita kukagula zinthu pa Makawa, mangani chitenje. Musajambule amayi akuchapa kapena ana akusamba musanapemphe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mukapereka moni wakuti "Ali uli?" n'kuthokoza kuti "Sikomo", mudzaona nkhope zikumasuka, ndipo ndalama imene mungasiye kwa mayi wogulitsa nsomba kapena mnyamata wa kabaza imakathandiza pakhomo penipeni.

Loweruka usiku, gulu lina likutsika pansanja lina lisanakwere, tengani anzanu awiriwo mutsetserekere kugombe, nsanja muifulatire pang'ono. Kukakhala kuti mwezi palibe, mudzaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi mpaka kutali, moti simudziwa pamene nyanja yathera ndi pamene thambo layambira. Anthu amati nyali zoterezi ndizo zinachititsa David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859, kuitcha nyanja ya nyenyezi. Usipa umene akukola pamenepo ndi womwe mudzaupeze pa thandala loyanikira nsomba m'mawa mwake.