Kwa achimwene a ku Senga Bay, za vayisi yolimba pozunguliza

Achimwene, mwalemba kuti vayisi ya pa benchi (chitsulo chopanira thabwa) imene munagula kwa munthu wina ikulimba pozunguliza ngakhale munaipaka girisi wa galimoto, thabwa likuterereka mukamapala, ndiponso nsagwada zake zikukumana kumwamba kokha pamene m'munsi mukutsala mpata, moti mukuganiza zopita nayo kwa owotcherera kuti akaipere. Chonde musapite nayo. Ine ndakhala pa ukalipentala kuno ku Salima zaka zambiri, ndipo malinga ndi momwe mwafotokozeramu, vayisi yanuyo ili bwinobwino, ikungofuna kutsukidwa ndi kuvekedwa matabwa.

Mpata wa m'munsiwo opanga anausiya dala. Nsagwada yoyendayo amaipendeketsa pang'ono kuti iyambe kugwira kumwamba, popeza mukamamanga chitsulo chimagonja pang'ono, ndipo nsagwada ziwirizo zimadzalingana pamene mphamvu yakwana. Mukaiperetsa kuti iwongoke, thabwa lizigwidwa m'munsi mokha, kumwamba kumene mukugwirako ntchito kuzigwedera, ndipo chitsulo chimene chaperedwacho simungachibwezeretsenso.

Kulimbako, ine ndikuloza chala girisi. Girisi amakola utuchi uliwonse wogwa pa benchi, ndipo kuno kunyanja mwera ukamakuntha kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umabwera ndi mchenga umene umakakamiranso momwemo. Zikasakanizika zimapanga phala lakuda lokhakhala limene limadya mizere ya sikuluwu mwakachetechete. Tatengani pang'ono pa chala ndi kutikita, mumva mchengawo nokha. Masulani vayisiyo pa benchi, muigoneke chagada pa thumba, mutsuke sikuluwu yonse ndi parafini ndi mswachi wakale, ndipo zouma za m'mizere muzitokose ndi kamtengo kosongola, mzere umodzi umodzi, osati ndi msomali. Ndodo ziwiri zachitsulo za m'mbali muzichotse dzimbiri ndi sandipepa wosalala kwambiri. Zikauma, pakani phula la kandulo pa sikuluwu ndi pa ndodozo, kenaka tsegulani ndi kutseka kangapo kuti phula lilowerere, pakuti phula limatereretsa koma siligwira fumbi. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a makina osokera ndi okwanira pa khosi pamene chogwirira chimazungulira.

Ngati yanuyo ili ndi kachitsulo kokanikiza kuti nsagwada ithamange popanda kuzunguliza, monga mavayisi a mtundu wa Record 52½ opangidwa ku Sheffield, a nsagwada ya mainchesi 9, yang'ananinso kunsi kwake. Kuli nati ya theka yokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo utuchi ukadzadza m'menemo natiyo sikhala bwino pa sikuluwu, vayisi imadumpha pamene mukumanga. Ambiri amayesa kuti yatha, chonsecho ndi litsiro chabe.

Kuterereka kwa thabwa kumatha mukaveka nsagwada zonse ziwiri. Dulani zotsala za mlombwa kapena mbawa zouma bwino, zochindikala mamilimita 20, zotalikirapo kuposa nsagwadazo, muzimange ndi masikuluwu amene mitu yake yamira mkati, ndipo kumwamba kwake kulingane ndi benchi kuti tchizulo kapena sowo zisakumane ndi chitsulo. Ine ndimamatanso kachikopa mbali imodzi, ndipo thabwa limagwira nditangozunguliza pang'ono.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musalowetse paipi ku chogwirira pofuna kuwonjezera mphamvu, ndiponso musawongolere misomali kapena kumenya ndi hamala pa nsagwada. Chitsulo cha mavayisi ambiri ndi chosungunula n'kuthira m'chikombole, chimene sichipindika koma chimangothetheka. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anamanga mwendo wa tebulo kumapeto kwa nsagwada mbali imodzi, ataona kuti ukugwedera anatenga paipi. Ndinali panja ndikusankha matabwa pamene ndinamva kuti "thwa", ndipo polowa ndinapeza mng'alu wayenda kuchokera pa bowo la ndodo. Tinawotcheretsa koma sinakhalitse, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa ndinali ndisanamuuze chochita. Mukamanga chinthu mbali imodzi, ikani kathabwa kochindikala mofanana mbali inayo kuti nsagwada isapotoke.

Pobwezeretsa pa benchi, gwiritsani ntchito mabawuti oboola thabwa la pamwamba, okhala ndi mawashala, chifukwa misomali imasukusa msanga, ndipo ngati mumagwira ndi dzanja lamanja muiike chakumanzere kwa benchi. M'nyengo ya dzinja, makamaka ngati mumagwirira pa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pukutani utuchi madzulo aliwonse, musiye nsagwada zitatsekeka mosamangitsa, n'kufunditsa nsalu youma. Mukatsuka n'kupeza kuti ikudumphabe, jambulani natiyo moyandikira munditumizire ndione ngati mano ake anaperepeseka.