Foda ya pa netiweki imangosowa magetsi akabwera

Funso: Achimwene, ndili ndi kashopu ka printing ndi fotokope ku Machipisa, Highfield, mu Harare. Mafayilo onse timasunga pa NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) yakalekale, ndiye Windows ya pa kauntala, MacBook ya mwana wanga wa ma dizayini ndi Ubuntu ya kuseri zonse zimatenga pompo. Koma magetsi akangothima nkubweranso, drive Z imaonetsa ka X kofiira, Mac imati seva siikupezeka, Ubuntu nthawi zina imangoima osamaliza kuyaka. Ndi vairasi kodi? Owerenga wanu, Highfield

Yankho: Ayi bambo, vairasi palibe apa. Magetsi akabwera zonse zimadzuka nthawi imodzi, makompyuta amathamangira foda pomwe NAS idakali mkati moyaka, komanso rauta kudzera pa DHCP (njira imene imagawira ma adiresi yokha) imatha kuipatsa IP ina, kutanthauza adiresi ina pa netiweki, dzulo 192.168.1.20 lero 192.168.1.34, ndiye onse akugogoda pakhomo poti mwini wake anasamuka kale. Yambani ndi rauta, pezani DHCP reservation, mumangirire MAC address ya NAS (nambala yake yoizindikirira pa netiweki) ku IP imodzi basi. Ngati muli ndi inveta kapena ka UPS (kabatire kosunga magetsi akathima), ikanipo rauta ndi NAS, zimenezi sizidya moto wambiri.

Ubuntu ndiye wamakani, amadikira foda imene kulibe. Mu fayilo ya /etc/fstab, pa mzere wa cifs umene umalumikiza foda ya pa NAS, onjezani _netdev,nofail,x-systemd.automount kuti azilumikiza pokhapokha munthu watsegula fodayo. Pa Mac, mu Finder dinani Cmd+K, lembani smb:// ndi IP ija, kenako fodayo muiike mu Login Items. Ka X ka Windows nthawi zambiri kamachoka mukangodina drive yo NAS itayaka bwinobwino.

Koma mawu oti "yakalekale" aja akundidetsa nkhawa. NAS zambiri zakale zimalankhula SMB1 yokha, mtundu wakale wa SMB, njira yogawanirana mafayilo pa netiweki, ndipo Microsoft anayamba kuichotsa mu Windows 10 kuyambira 2017, chaka chomwe vairasi ya WannaCry inalowera pa SMB1 yomweyo nkutseka mafayilo a anthu padziko lonse. Anyamata ena okonza makompyuta mtauni adzakuuzani kuti mungoiyatsanso, musalole zimenezo, ntchito za makasitomala zili mmenemo. Lowani mu ma setting a NAS muike SMB2 kapena SMB3, ikakhala ilibe yesani kaye firmware (pulogalamu yoyendetsa NAS yo) yatsopano, ikakanabe ndiye yakwana nthawi yogula ina.

Chinanso, Windows 11 24H2 ya Pro, Enterprise kapena Education imafuna SMB signing (chitetezo chotsimikizira kuti zotumizidwa sizinasinthidwe panjira) ndipo imakana kulowa ngati guest, choncho pangani yuza ndi pasiwedi pa NAS, pa Windows muzisunge mu Credential Manager.