Mlamba wanu sukudwala, ndi chisanu cha Dedza

Wawa achimwene. Mwalemba m'gulu muno kuti munagula kamlamba kotalika ngati chala mu Disembala, n'kukaika m'thanki yagalasi pabalaza kwanu ku Dedza boma. Tsopano wakula kufika ngati phazi la munthu wamkulu, tinsomba tokongola tomwe munali nato tatha, ndipo chiyambire Juni wasiya kudya, wangoti phee pansi. Mukufunsa mankhwala oti mugule, komanso ngati mungautengere kampango ku Mtakataka kuti ukhale ndi mnzake.

Mankhwalawo musagule kaye. Ine ndimakhala cha ku Bembeke, ndipo ndakhala ndikusunga milamba kuseri kwa nyumba kwa zaka ndithu. Zimene mwafotokozazi ndimaziona chaka ndi chaka mwera ukangoyamba kuomba.

Nsomba siili ngati nkhuku kapena mbuzi zomwe thupi limadzifunditsa lokha. Madzi akazizira nayonso yazizira. Mlamba umakondwa madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Akatsika kufika cha pa 20 umayamba ulesi pa chakudya, ndipo akatsikirabe, ngakhale chimene wameza sichigayika msanga m'mimba. Ndiye taganizirani kwathu kuno. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibe tawuni ina m'Malawi muno yokwera chotero. Inu nomwe mukudziwa m'mawa wa Juni, mpweya wa m'kamwa kutuluka ngati utsi, madzi ogona mu ndowa kuluma zala. Anzathu a kumunsi ku Golomoti, Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje milamba yawo imadyabe pang'ono nyengo ino. Ife akumtunda, kuyambira kuno kukafika Lizulu ndi Tsangano, timangodikira. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumalo otentha, n'chifukwa chake sakukuthandizani.

Chimene chingaphe mlamba wanu mwezi uno si njala ayi. Ndi chakudya chimene mukuthiramo poumvera chisoni.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Chaka choyamba ndinali ndi mlamba umodzi m'thanki yasimenti, ana anauzolowera moti ankaudziwa ndi ndevu zake. Itafika Julaye unasiya kudya. Ndinada nkhawa, ndinayamba kuusinthira zakudya, lero matumbo a nkhuku, mawa usipa, ana nawo n'kumaponyamo mkute m'mawa uliwonse popita kusukulu. Zonsezo zinkangomira n'kumaolera pansi. Pamwamba madzi ankaoneka abwinobwino. Tsiku lina nditavundula ndi ndodo panatuluka thovu lakuda ndi fungo ngati la dzira lovunda. Mlambawo unali utayamba kale zilonda m'mbali, ndevu zitanyenyeka, ndipo sabata isanathe tinaupeza utayandama chagada. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ndikanangousiya osaupatsa kanthu bwenzi uli moyo. Mlamba wonenepa bwino umatha milungu ingapo osadya m'nyengo yozizira, osavutika.

Ndiye madzulo ano chotsani chilichonse chotsalira pansi pa thankiyo ndi kapaipi. Musinthe madzi, koma osati onse, gawo limodzi mwa magawo anayi basi, ndipo muzichita zimenezi masana dzuwa litakwera, osati m'mamawa. Ngati ndi a pampopi, ali ndi klorini, choncho atungeni agone mu ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri. A pamjigo ndi abwino. Mukatero dikirani masiku atatu, kenako muponye nyongolotsi imodzi kapena ziwiri dzuwa likamalowa. Ukadya, chabwino. Ukapanda kudya pakatha mphindi 15, vuulani.

Mwina mwauona ukukwera pamwamba, kutulutsa kukamwa, kumeza mpweya n'kubwerera pansi. Zimenezo zisakuopseni. Mlamba uli ndi chiwalo m'mutu chooneka ngati kamtengo ka nthambi zambiri, chomwe umapumira mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umapirira m'matope dambo likamaphwa. Koma pachifukwa chomwecho, chivundikiro cha thanki chisagunde madzi. Siyani mpata wa mpweya, apo ayi mlamba waukulu umatha kubanika m'madzi momwemo. Zoti zikudetseni nkhawa ndi zilonda zofiira pakhungu, zoyera ngati thonje, mimba yotupa, kapena kuima chilili pamwamba nthawi yaitali mutu uli m'mwamba. Kabala kakang'ono kokalika pa mwala kamapola ndi madzi oyera ndi mchere wamiyala pang'ono, kasupuni ka tiyi kamodzi pa malita 5. Koma zikakhala zilonda zakuya zodya mnofu, kaoneni alangizi a za nsomba ku ofesi ya boma. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda otchedwa EUS, omwe amakonda nyengo yozizira ngati ino, ndipo milamba ili m'gulu la nsomba zomwe amagwira. Madzi a nsomba yotero musawatayire kumtsinje.

Za tinsomba tanu tokongolato, pepani, tili m'mimba mwa mlambawo. Si nkhanza, ndi chilengedwe chake. Umasaka usiku pogwiritsa ntchito ndevu zake zisanu ndi zitatu zija, ndipo chilichonse chokwana kukamwa kwake ndi ndiwo, kaya ndi chule, nsomba, ngakhale mlamba unzake wocheperako. Eni madamu amalidziwa bwino khalidwe limeneli, moti ena amaika milamba ingapo dala m'damu la makumba kuti izidya tiana tikachulukitsa. Ndiye zoti ukusowa mnzake ichotseni m'maganizo. Wokha umakhala bwinobwino. Mukafuna iwiri kapena itatu, ikhale yofanana msinkhu, ndipo malo akhale aakulu.

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, chifukwa galasi lanulo masiku ake atha. Kukangofunda mu Seputembala ndi Okutobala mlambawo udzayamba kudya ngati wabwezera, ndipo udzakula mofulumira. Kumalo ofunda mlamba wodya bwino umafika kilogalamu imodzi chaka chisanathe, ndipo m'mitsinje ikuluikulu ilipo yopitirira mita. Anthu amati nsomba imakula molingana ndi chomwe mwaisungiramo. Zoona zake n'zoti imapinimbira, msana kupindika, ndevu kutha chifukwa chokhula galasi. Komanso mlamba ukadzidzimuka umathamanga mwamphamvu, ukhoza kuswa chotenthetsera madzi kapena kugwetsa miyala pagalasi usiku inu muli m'tulo.

Gwiritsani ntchito miyezi yozizirayi kumanga thanki yasimenti panja. Yanga ndi ya mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, ndipo madzi amafika mita imodzi kuya, omwe ndi malita 6,000. Kuya n'kofunika kwambiri kwathu kuno, popeza madzi ambiri sazizira msanga usiku ngati madzi osaya. Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse, koma otchingika ku mwera, kuseri kwa khoma kapena mpanda waudzu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ine ndimakuta pamwamba ndi pulasitiki yoonekera ija ya m'magirinihausi, yokwezeka pa timitengo, ndipo ukapisa dzanja m'mawa umamva kusiyana. Pansi pakhale popendekera ku ngodya imodzi, pomwepo muike paipi yotulutsira madzi, kuti litsiro lizituluka loyamba. Madziwo musataye, kathirireni kabichi kapena tomato, ndi manyowa abwino zedi.

Simenti yatsopano imawawula khungu la nsomba, makamaka mlamba womwe ulibe mamba. Mukamaliza kumanga dzazani madzi, agone masiku angapo, tayani, dzazaninso, kwa milungu iwiri kapena itatu, mpaka makoma atayamba kuterera ndi ndere. Ndipo m'katimo muikemo pobisala, chidutswa cha paipi yaikulu kapena mtsuko wosweka kukamwa. Mlamba wopanda pobisala umangokhala wamantha.

Khoma lipitirire madzi ndi theka la mita, ndipo pamwamba pakhale waya wa sefa womangidwa bwino. Usiku wina wa mvula yamphamvu mu Januwale thanki yanga inadzadza mpaka m'milomo. Kutacha mlamba mulibe. Tinafunafuna, ndipo mwana ndiye anaona kanjira koterereka m'matope kolowera kumunda wa mbatatesi. Tinaupeza mu mzere, thupi lonse dothi lokhalokha, ukudzikoka ndi zipsepse za m'mbali uku ukupinda mchira, kukamwa kukutseguka pang'onopang'ono. Unali wamoyo. Mvula ikagwa mlamba umafuna kuyenda, ndi nthawi yomwe kutchire umakwera kukaswana m'madambo osefukira. Wayayo amatetezanso ku ng'azi, akatumbu ngati muli pafupi ndi mtsinje, ndi anthu a manja aatali. Koma choposa zonsezi ndi ana. Madzi a mita imodzi akhoza kumiza mwana wongoyamba kuyenda, choncho ngati pakhomo pali ana aang'ono, mpanda ndi chitseko chokhoma zimangidwe nsomba isanalowe.

Tsiku lomwelo ndinaphunziranso kagwiridwe kake. Ndinautola ndi manja mwachangu, munga wa m'chipsepse cha m'mbali unandilowa pachikhatho, dzanja linatupa n'kumawawa mpaka madzulo. Pousamutsa gwiritsani ntchito thumba lonyowa kapena beseni. Muukonde mingayo imakodwa, ndipo pokoka mumauvulaza.

Kukafunda muziudyetsa kamodzi patsiku, chakumadzulo. Madeya okha, omwe makumba ndi chilunguni amakula nawo, kwa mlamba sakwana, umafuna zakudya zomanga thupi zambiri. Chakudya cha nsomba chogula chija chamibulu ndi chabwino mukachipeza. Apo ayi nyongolotsi, ziwala, ngumbi nthawi ya mvula, usipa wouma woviika m'madzi, kapena matumbo a nkhuku owiritsa ndi kuduladula. Aawisi amawononga madzi msanga. Ukakula kufika ngati mkono, kudumphitsa tsiku sikulakwa.

Tsopano kampango. Chonde musiyeni m'nyanja. Iye ndi wa madzi ofunda chaka chonse, oyera, a mpweya wambiri, ndipo chiwalo chopumira kunja chija alibe. Magetsi akazima usiku pampu ya mpweya n'kuima, mlamba udzacha uli moyo, kampango ayi. Ngakhale ulendo wokwera naye kuchokera ku Mtakataka kudzera m'makhotakhota a Golomoti ndi wokayikitsa kuti angafike wamoyo. Komanso nsomba imeneyi ikutha. Kwawo ndi m'nyanja ya Malawi, ndipo mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu cha kutheratu. Ine kampango ndimamulemekeza pa kaleredwe kake. Bambo ndi mayi amalondera ana limodzi pachisa, mayi amaikira mazira osaswa kuti anawo adye, bambo amafukula tizilombo mumchenga n'kudzawapatsa. Nsomba yolera chonchi si yoti ikafere m'thanki yozizira kuno kumapiri.

Wina m'gulu muno wakuuzani za milamba ya mchira wofiira ya ku Amazon yomwe amaiona pa YouTube. Imeneyo imapitirira mita, ndipo chisanu siipirira n'komwe. Ndiponso lamulo la za nsomba la 1997 silola kubweretsa nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo. Madzi a mbali ino amatsikira ku Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima, ndiye nsomba imodzi yothawa nthawi ya mvula ikhoza kukafika kutali. Mukadzafuna mbewu ina ya mlamba, funsani alangizi akulozereni, kapena ku Bunda ndi ku Domasi komwe amaphunzitsa ndi kufufuza za ulimi wa nsomba.

Ngati mungathe, jambulani mlambawo cha m'mbali ndi kumimba, ndevu zioneke bwino, muike pano. Mundiuzenso thankiyo imalowa malita angati, komanso ngati ili pafupi ndi zenera, chifukwa ngati ili pamenepo ndi bwino usiku muziikuta ndi bulangete mpaka Ogasiti atatha.